Fungo la Agogo Anu m'Chipinda cha Kum'mawa

Senderani kuno, ana inu, dzuwa likadali pakhonde. Chisomo, bwera nalo lichero la mtedzalo, manja asamangokhala pamene makutu akugwira ntchito. Thoko, foniyo ipume kaye, yatopa nawe. Nanga inu amuna anga a Wongani, mwaimiranji patali choncho ngati mlendo wodzafunsa njira? Khala apa, mdzukulu wanga. Ayi, osati uko, pano pafupi ndi ine. Ndikufuna ndikuuzeni za chipinda chija cha kum'mawa chimene mumalimbirana mukabwera kutchuthi, mumati ndi chowala, muli kamphepo kabwino. Sichinali chotero kale. Chinkanunkha fodya moti mlendo ankayamba wayetsemula asanapereke moni.

Agogo anu aamuna simunawaone nonsenu. Anatisiya kutatsala miyezi isanu kuti Wongani abadwe. Anali munthu wamtali, wosalankhulalankhula, woseka ndi mapewa okha. Ife kwathu ndi ku Dedza, mukudziwa, kuno tinabwera ndi ntchito. Iwo analembedwa ku makina ochekera matabwa ku Chikangawa, ine n'kuwatsatira pambuyo, amayi anu Esinati ali kumbuyo kwanga, asanayambe n'kukwawa komwe. Ulendo wake si wa lero uwu mumagona pa Lilongwe n'kudzukira pa Jenda. Tinayenda tsiku lathunthu ndi theka, fumbi mpaka m'mano, nkhuku ili m'dengu pamiyendo. Mtondo wanga kondakitala anaukana, akuti ukulemera, ndiye ndinausiya padepoti m'manja mwa achemwali anga. Ndinaulira mtondo umenewo mpaka pa Kasungu.

Ku Chikangawa kumazizira, ana inu! Izi mumati kuzizira kuno ku boma n'zamasewera. Kumeneko mwezi wa Juni nkhungu imatsika m'mapaini mpaka osaona chimbudzi chako chomwe. Madzi a mu ndowa kuwagwira m'mawa, zala zimachita kuuma gwa. Ndiye anzawo a kuntchito anawanamiza agogo anu kuti fodya amafunditsa m'chifuwa. Bodza lenileni! Munthu amene ku Dedza ankaimba kwaya, mawu ake okoma, anabwera tsiku lina akununkha ngati chigafa. Ndinawafunsa kuti, "Bambo a Esinati, chimenechi n'chiyani?" Iwo amvekere, "Nabanda, n'zakuzizira chabe, ikafika Okutobala ndisiya." Okutobala anafika kangapo konse, iwo osasiya.

Sankasuta ndudu za m'sitolo ayi, ankati n'zopanda mphamvu. Wawo unali chingambwe, fodya wa masamba amene ankagula kwa mkulu wina wa ku Engutwini. Ankamudula bwinobwino pakathabwa ndi kampeni, n'kumupichira m'pepala la nyuzi. Nyuzi ikasowa ankang'amba makope akale a amayi anu. Masamu onse a sitandade faifi a amayi anu anathera mu utsi, n'chifukwa chake mpaka lero akamawerenga chenji amachita kutulutsa lilime. Musakawauze kuti ndanena ine.

Atapuma pantchito, cha m'masiku amene matipate ankayamba aja, anthu akuvala nsalu za zipani zosiyanasiyana pamsika, ife tinati kubwerera ku Dedza ayi. Tinali titazolowera, Chitumbuka tikuchimva, tchalitchi tili nacho, amayi anu akuphunzira kuno. Tinamanga nyumba ino. Agogo anu anabweretsa matabwa a paini otsala kumakina kuja, n'kukhoma okha siling'i m'chipinda cha kum'mawacho, chokhacho m'nyumba yonse. Anachinyadira chipinda chimenecho! Anaikamo bedi, mpando wawo, wailesi, ndi mulu wa nyuzi. Anthu ankawabweretsera macheka kuti awanolere, ndipo ankanolera momwemo, fodya ali pakamwa, mawindo ali chitsekere poopa mphepo. Ine ndinkalankhula mpaka kukhosi kuuma. "Kasutireni panja! Makatani anga achita chikasu!" Iwo n'kungoti, "Nabanda, utsi uwu ndi wanga, sukupita kwa munthu." Zaka zisanu ndi ziwiri utsi umenewo unkazungulira m'chipindamo.

Chinawatenga n'chifuwa chomwecho. Sindikubisirani. Anatsokomola chaka chathunthu, n'kuonda, n'kupita.

Maliro atatha, abale awo a ku Dedza anakhala pansi kugawa zovala monga mwa mwambo. Uyu malaya, uyu buluku, uyu nsapato. Koma ine ndinaba chinthu chimodzi. Eya, agogo anu ano anaba, musandiyang'ane choncho. Panali chijasi chawo chakuntchito, chachikulu, cholemera, chofika m'mawondo, chimene ankavala m'nkhungu muja. Ndinachipinda mwamsanga n'kuchiika pansi penipeni pa bokosi lamalata, pamwamba n'kuikapo mabulangete. Alamu anga atafunsa za chijasicho ndinati chinadyeka ndi makoswe.

Anthu atabalalika ndinatseka chipindacho. Mawindo osatsegula, makatani osachotsa. Ndipo tamverani zamanyazi. Ine yemwe uja ndinkadana ndi fungo la fodya, m'mawa uliwonse ndikatha kusesa ndinkatsegula chitseko pang'ono, n'kulowa, n'kuima pakati, n'kukoka mpweya. Zinkakhala ngati angotuluka kumene kupita kumsika, abweranso. Ndikapuma katatu kanayi ndinkatseka msanga kuti fungolo lisathawe. Ndinkawasowa kwambiri, ana inu, ndipo chimene chinanditsalira chinali chimenecho.

Tsono amayi anu anali atakwatiwa ndi bambo anu, mphunzitsi wa kwawo ku Edingeni, ali ndi pakati poyamba. Tinkayembekezera Ogasiti. Koma amuna anga awa a Wongani, kupupuluma kwawo si kwa lero, anatulukira mu Juni, miyezi isanu ndi iwiri yokha, pachipatala cha pa boma pompano. Nditakuona koyamba, Wongani, ndinagwira pakamwa. Kamunthu kokwana m'manja mwanga muno, khungu lopyapyala, polira kumangomveka ngati kamwana ka mphaka. Namwino anatiitana ine ndi bambo ako n'kutiuza mosapita m'mbali. Anati mwanayu m'chifuwa simunakhwime. Akhala nafe milungu iwiri, kenako apite kunyumba, koma ikhale nyumba yapafupi, chifukwa azibwera kusikelo mlungu uliwonse, ndipo akangoyamba kupuma movutikira muzithamanga naye osadikira. Chipinda chikhale chofunda, choyera, chopanda utsi wamtundu uliwonse, ngakhale fungo la fodya la m'zofunda.

Ine ndinati basi, nkhani yatha, mwana abwera kwa ine. Kuchipinda kwanga kunali kochepa, kwamdima, kodzaza matumba a chimanga. Choyenera chinali chimodzi chokha, cha kum'mawacho, cholowa dzuwa m'mawa, cha siling'i yosunga kutentha.

Mawa lake kunafika asewere anga, agogo anu a ku Edingeni, a Nyashaba. Inu munawadziwa atakalamba, akukupatsani chambiko ndi kukusekererani. Nthawi imeneyo anali mayi woongoka ngati mlongoti, wosaseka pachabe. Anati aone pamene mdzukulu wawo adzagone. Ndinawatsegulira. Anaponda phazi limodzi lokha n'kubwerera, dzanja lili pamphuno.

"Yayi, asewere! Hona!" Hona ndiye fodya m'Chitumbuka, mukudziwa. Anapitiriza m'Chichewa chawo chija chopindapinda. "Muno mwana sangagone. Mwana ndi wa kwathu, ng'ombe tinapereka. Mbwenu akatuluka m'chipatala tipita naye ku Edingeni, nyumba yanga ilibe fungo."

Ndinafuna kuwayankha zoti sakanaziiwala, koma ndikanati chiyani? Sankanama. Ndipo mwambo wa kuno mukuudziwa, mwana ndi wa kuchimuna, akanati atenge palibe akanawaletsa. Koma mudzi wawo uli kutali ndi msewu, galimoto masiku amenewo mwina imodzi patsiku, mwina osaoneka n'komwe. Ndinaganiza za kamwana kaja katabanika pakati pa tchire, anthu akufunafuna ngolo. Ndinameza mkwiyo wanga n'kupempha. Ndinati, "Asewere, ndipatseni masiku. Mudzanunkhize nokha." Iwo anati abweranso Loweruka la mlungu winawo, ndipo akadzamva fodya ngakhale pang'ono, nkhani yatha.

Apa ndiye mumve uchitsiru wa agogo anu. Tsiku loyamba ndinatenga phale, kuikapo makala amoto, pamwamba makoko a malalanje ndi masamba a bulugamu, n'kufukiza m'chipindamo, mawindo chitsekere. Ndinkati fungo labwino lithamangitsa loipa. Ndinawonjezera utsi pa utsi! Ndinagulanso kachitini kopopera kaja ka m'sitolo, konunkhira maluwa. Kwa ola limodzi munkamveka bwino. Pofika madzulo munali fodya, malalanje opserera ndi maluwa, zonse pamodzi, mutu kuchita kuwawa.

Ndinati chabwino, laimu ndiye mankhwala. Ndinagula laimu, kubwereka burashi, kupaka makoma onse mpaka mbee. Ndinagona mokondwa. Patapita masiku awiri, laimu atauma, pakhoma panayamba kutuluka mawanga achikasu, ena otsika ngati misozi. Fungo lili pomwepo. Masiku anayi anali atapita pachabe.

Anandipeza nditakhala pakhomo la chipindacho, manja ali m'masaya, anali Nyatembo, mnzanga wa nyumba iyo ili kuseri kwa mpandayo. Anamwalira inu muli aang'ono. Iyeyu anagwira ntchito yokolopa m'mawodi a chipatala zaka zambiri, ndiye za ukhondo sankafunsa munthu. Dzina langa sankalitha, ankanditcha Nyabanda mwa kuno.

"Nyabanda, mwachita vichi muno?" Anasuzumira, n'kuseka mpaka kugwira chitseko. Kenako ananyowetsa kansanza, kukwera pampando, kupukuta thabwa limodzi la siling'i, n'kundionetsa. Kansanzako kanali bii, konata. "Mwaona? Fungo silili mu mphepo yayi. Lamata. Utsi ukazizira umasiya phula pa chilichonse. Inu mwangoliveka malaya oyera. Mbwenu tiyambirenso."

Tinayambiranso, ana inu. Choyamba tinatulutsa zonse, chipinda kutsala mbulanda. Tinatsegula mawindo onse awiri, chitseko cha chipinda ndi cha kumaso kwa nyumba, kuti mphepo izilowa uku n'kutulukira uko. Mu Juni! Ndinkagwira ntchito nditavala majuzi awiri. Laimu wanga uja tinamupala yense ndi zitsulo. Kenako kutsuka. Nyatembo anati tiyambire kumwamba kutsika pansi, chifukwa ukayambira pansi, zakuda za kumwamba zidzatsikira pomwe watsuka kale. Madzi ofunda, sopo, ndi soda yemwe uja timathira m'therere. Ndowa yoyamba madzi anasanduka ngati tiyi wopanda mkaka. Ndinafuna kupitiriza nawo poumira nkhuni, iye anandimenya padzanja. "Tayani! Mukubwezera pakhoma zomwe mwachotsa." Tinataya ndowa zosawerengeka. Matabwa a siling'i tinawatsuka katatu, chifukwa paini amamwa utsi koopsa, ndipo pomaliza tinawapukuta ndi madzi othira vinega. Khosi langa linauma, milungu iwiri ndinkatembenuka ndi thupi lonse.

Ndikamakuonani inu lero mukudandaula kuti mwatopa chifukwa mwakolopa pabalaza ndi chokolopera chamtengo, mutaimirira, nyimbo zili m'makutu, ndimangoseka. Ife tinkakolopa chogwada, ndi chiguduli, ndipo simbi yathu inali yamakala, yoti ukaiwala kuuzira phulusa, malaya oyera apita. Koma ndisasochere.

Makatani tinawaviika usiku wonse, kuwachapa kawiri, koma anakana, ndiye anasanduka zigamba zopukutira pansi. Nyuzi zonse zinapita kukhitchini kukayatsira moto, chifukwa pepala limasunga fungo kuposa nsalu. Bedi tinalikwecha panja, mwendo uliwonse, n'kulisiya padzuwa. Matiresi anali a thonje, akalekale. Tinawawaza soda, kuwayanika masiku atatu, kuwamenya ndi ndodo mpaka fumbi kutha. Nyatembo anaikapo mphuno n'kupukusa mutu. Ndiye amenewo anapita kwina, matiresi anga a siponji n'kubwera kwa mwana. Makoma atauma bwinobwino, apo ndiye tinapaka laimu, kawiri, ndipo mawanga sanabwerenso. Pomaliza tinaika makala m'mabeseni awiri pakona. Osayatsa, Thoko, usaseke! Makala ouma, ongoswaswa, amakoka fungo lotsalira mwakachetechete.

Lachitatu madzulo ndinabwezeramo katundu ndekha. Bedi, matiresi, kampando. Ndipo ndinaima pabalaza kuyang'ana bokosi lamalata lija. Ndikanatha kuliika kuchipinda kwanga, malo analipo pamwamba pa matumba. Koma mtima unakana. Ndinaona ngati ndikuwathamangitsa agogo anu m'chipinda chimene anakhoma ndi manja awo. Zonse ndachotsa, mpando wawo, nyuzi zawo, ndiye ndichotsenso ichi? Ndinadziuza kuti lamalata silitulutsa mpweya. Ndinalikankhira kunsi kwa bedi, kukhoma kwenikweni.

Lachinayi Nyatembo anati tiyese. Anati chipinda chikhale chotseka kuyambira m'mawa mpaka masana, chifukwa chotsegula chilichonse chimanamiza. Anatinso woyesa akhale iye. "Mphuno yanu inafa, Nyabanda. Zaka zonsezi mukugona ndi hona, mungamve chiyani?" Dzuwa lili pamutu anaima kaye panja kupuma mphepo, kenako n'kulowa, ine pambuyo. Anaima pakati. Anatembenukira uku, n'kutembenukira uko.

"Likadalipo," anatero. "Pang'ono, kweni lilipo."

Ndinati mwina ndi laimu. Ananunkhiza khoma, windo, matiresi, kenako anagwada n'kusuzumira kunsi kwa bedi. Ndinamva bokosi likukhwekhwerezeka pasimenti.

"Muli vichi umu?"

"Mabulangete basi."

"Tsegulani."

Apo ndiye ndinapsa mtima, ndipo ndikuchita nazo manyazi mpaka lero. Ndinamuuza mayi amene anathyoka msana masiku asanu m'nyumba mwanga kuti nyumba ino ndi yanga, bokosi ndi langa, asandilamule ngati ndili mu wodi yake. Iye sanabweze. Anakhala pabedi, manja pamiyendo, kundidikira kuti ndimalize. Nditatha mawu anati, "Ine amuna anga atamwalira ndinasunga chipewa chawo zaka zitatu. Ndinkachinunkhiza ngati wamisala. Palibe mlandu, Nyabanda. Kweni chipewa changa sichinkagona chipinda chimodzi ndi mwana wa miyezi seveni."

Ndinagwada n'kutsegula. Fungo linatuluka lonse lathunthu, ngati alowa pakhomo. Ndipo pamwamba penipeni, ana inu, panali shawelo yoyera ndi kachipewa kaubweya, zimene ndinaluka ndekha kuyembekezera mwana, n'kuzisunga m'menemo kuti zisade. Nyatembo anatenga shaweloyo n'kundiika pamphuno. Ngakhale mphuno yanga yakufayo inamva. Ndinatsuka makoma, ndinatsuka denga, koma Lolemba ndikanapita kuchipatala monyadira kukakukulunga iwe, Wongani, kumutu mpaka kumapazi, mu fodya wa agogo ako. Ndinakhala pansi pasimenti.

Lachisanu m'mawa ndinachapa shawelo, kachipewa ndi mabulangete, bokosi n'kulikwecha n'kulisiya chotsegula padzuwa, madzulo n'kulibwezera kunsi kwa bedi. Nyatembo anati andithandize chijasi, chikanyowa chimalemera. Ndinati ayi, ichi ndichapa ndekha. Ndinapita nacho kuseri, pamwala wochapira uja. M'thumba ndinapezamo nyenyeswa za fodya ndi kapepala kamakope kong'ambidwa bwino, kokonzekera kupichira, kali ndi malemba a amayi anu ali mwana. Ndinachikumbatira chijasicho, kukwirira nkhope m'kolala, kukoka mpweya komaliza. Kenako ndinachimiza m'beseni. Madzi oyamba bii, achiwiri bii, mpaka achinayi ndiye anayamba kuyera. Ndinalira, ana inu, kulira kokweza, dzuwa likuswa mtengo, nkhuku kuchita kuthawa. Pamaliro penipeni sindinalire choncho. Nditamaliza ndinachikoka mpaka pachingwe n'kuchiyanika, manja ake akulendewera.

Loweruka a Nyashaba anafika ndi basi ya m'mawa. Chipinda chinali chotseka kuyambira mbandakucha, monga anandiphunzitsira Nyatembo, kuti asanene kuti ndawabera ndi mphepo. Tiyi anakana, anati ayambe aona. Analowa okha n'kudzitsekera. Ine ndinatsala panja, khutu lili kuchitseko. Ndinamva bedi likusuntha, kenako bokosi likutsegulidwa. Anakhalamo nthawi yoti munthu akanatha kusenda mbale yonse ya mtedza. Potuluka anayang'ana kuseri, n'kuona chijasi chili pachingwe, chikadali chonyowa. Anachidziwa, chifukwa agogo anu anavala chomwecho tsiku lokambirana za ukwati. Anachiyang'ana, n'kundiyang'ana ine, maso anga otupa. Anandigwira dzanja ndi manja awo onse awiri.

"Yewo chomene, asewere. Mwana abwere kuno."

Kuyambira tsiku limenelo mayi yemwe uja anakhala m'bale wanga. Anagona kuno mlungu wathunthu, tikusinthana kuchapa matewera, iwo akundiphunzitsa kudya chambiko, ine nkhope ili tsinya, iwo kuseka mpaka misozi. Pambuyo pake ndinachizolowera moti lero ndimachita kuchiitanitsa.

Unabwera Lolemba, Wongani, uli pachifuwa pa amayi ako, womangidwa ndi chitenje, shawelo yanga ili pamwamba ikununkhira sopo. Ndipo mawu a namwino aja sanapite pachabe. Mlungu wachitatu, masana ena tikudya, amayi ako anakuwa kuti mwana wasintha. Milomo inali itada, kupuma kukuchita kudukiza. Sitinafune galimoto, sitinafune njinga. Tinathamanga wapansi kudutsa pamsika, ine wopanda nsapato, mpango utagwera m'njira, ndipo posakhalitsa unali m'manja mwa anamwino. Unagonako masiku atatu n'kubwerera. A Nyashaba atamva anangoti Chiuta ngwamkulu, ndipo za ku Edingeni sanazitchulenso mpaka unayamba kukhala pansi wekha.

Chipinda chija chinadzaza fungo lina tsopano, la mkaka, la mafuta odzola ana, la matewera. Ndinkalowabe m'mawa ndikatha kusesa, kuima pakati n'kukoka mpweya monga kale, ndipo ndinkatuluka ndikumwetulira. Ndinaika lamulo limene lilipo mpaka lero, lakuti wosuta asutire uko kumtengo wa mapichesi, kutali ndi mawindo, akatha asambe m'manja ndi kutsuka m'kamwa, ndipo jekete yake itsale panja. Alamu anga a ku Dedza anakwiya nalo lamulo limeneli, anati ndayamba chizungu. Ndinawauza kuti akapitirize kukwiyako ali kumtengo komweko.

Ine moyo wanga ndakhutira nawo, ana inu. Nyumba ndili nayo, mapichesi akubereka, amayi anu ali bwino, inu mwakula mukundidyera mtedza wanga m'malo mosenda. Chijasi chija sindinachibisenso. Ndi chomwe chija chili pamsomali kuseri kwa chitseko, chimene iwe Wongani umavala kukazizira n'kumati n'chachikale koma n'chofunda. Sunadziwe mwini wake, lero wamudziwa.

Tsono mukudabwa kuti nkhani imeneyi yabwera bwanji lero. Ndikuuzani. M'mawa uja ndimapeta mpunga apa, nditafulatira kuchipata. Munthu wina anadutsa kumbuyo kwanga akuchokera kumsika. Pamwamba pake panali perefyumu ndi chingamu cha timbewu tonunkhira, monga malalanje anga opserera aja. Koma pansi pake panali chinthu china chimene mphuno yanga, ngakhale anati inafa, singachiphonye. Lichero linatsala pang'ono kugwa. Ndinatembenuka pakamwa pali kale mawu akuti "bambo a Esinati." Ndinapeza ndiwe, mdzukulu wanga, wamtali ngati iwo, ukulowa m'chipinda cha kum'mawa.

Usayang'ane pansi, sindikukukalipira. Wakula, ndevu izo zamera, za moyo wako udziwa wekha. Amayi ako sindiwauza, ndipo iwe Thoko ndi Chisomo pakamwa panu patsekedwe. Koma malaya amenewo ukavule, sopo ali pawindo la kukhitchini, soda ali m'kabati, mwala wochapira ndi womwe uja. Ndinawatulutsa kale kamodzi agogo ako m'chipinda chimenecho, ndi manja awa, kuti chifuwa chakocho chipume. Kachiwiri sindingathe, amuna anga.